Trombone ya amalume: zimene ndinasintha ndi zimene ndinakana kusintha

Trombone, lipenga lokoka, imene ndimaimba m'kabandi kathu ka ku Mufakose mu Harare ndi yakale kuposa ine. Pa belu lake, mbali yotambasuka imene liwu limatulukira, pali mawu ogoba akuti Triumphonic, ndipo amene anakulira pafupi ndi mabandi a Salvation Army akudziwa kuti zida za dzina limeneli ankapanga ndi a mpingowo pafakitale yawo ya ku St Albans, kumpoto kwa London, mpaka pamene fakitaleyo inagulitsidwa kwa a Boosey & Hawkes mu 1972. Inali ya amalume anga, amene anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya kudzagwira ntchito mu Salisbury, imene lero ndi Harare. Atatisiya inagwera ine, mwana wa mlongo wawo, itakhala zaka zambiri pamwamba pa wadilopu, yokulungidwa m'bulangete.

Anzanga a m'bandi atangoiona anagwirizana chimodzi: igulitseni kwa ogula zitsulo zakutha, muonjezerepo ndalama, mutume wina akugulireni yatsopano ku Johannesburg. Sindinawaone ngati olakwa, chifukwa tsiku limenelo silaidi, mbali imene woliza amakoka ndi kukankha, inkakakamira, mawu ankatuluka ndi mpweya wambiri, ndipo ikalira pamodzi ndi kiyibodi aliyense ankakwinya nkhope. Koma chida chakale chikamavuta pamakhala mavuto a mitundu iwiri amene anthu amawasakaniza. Ena ndi matenda: litsiro, kupindika, kudontha kwa mpweya. Ena ndi chibadwa chake, mmene anachipangira eni ake. Matenda ndiwo oyenera kuchiza onse. Chibadwa chimafuna kuganiza kaye, ndipo ine ndinasankha kusintha chokhacho chimene chinkailepheretsa kuimba pamodzi ndi zinzake.

Moyo wa trombone uli pa silaidi. Chida chonsecho ndi paipi imodzi yotalika pafupifupi mamita 2.7 imene anaipinda kawiri, ndipo woliza amatsitsa mawu poitalikitsa. Pali malo 7 oimikapo silaidi. Kuchoka pa malo amodzi kufika pa otsatira mawu amatsika mofanana ndi kuchoka pa fa kufika pa mi, kwa inu amene munaphunzira nyimbo ku kwaya. Malowa sanatalikirane mofanana: kuchoka pa oyamba kufika pa achiwiri ndi masentimita ngati 8, koma kuchoka pa a 6 kufika pa a 7 ndi pafupifupi 11, ndipo dzanja likafika pamapeto limakhala layenda masentimita oposa 55. Palibe chizindikiro chilichonse chosonyeza malowa. Khutu ndi dzanja ndizo zimapeza. Choncho silaidi ikamakakamira ngakhale pang'ono, noti iliyonse imafika mochedwa kapenanso pambali, milomo imagwedezeka chifukwa chida chikukokedwa, ndipo woliza amayamba kudzikayikira pomwe vuto lili m'chitsulo.

Silaidiyo ndi mapaipi anayi, awiri a mkati ndi awiri a kunja amene amavala a mkatiwo. A mkati sakhudza a kunja paliponse. Amangokhudza kumapeto kwake, pamene anawanenepetsa pang'ono kwa masentimita ngati 10, ndipo mpata wotsala pamenepo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Kamchenga kamodzi ka fumbi la mu Seputembala kakalowa, mumakamva m'dzanja.

Ndinayamba ndi kutsuka. Madzi ofunda, osati otentha, sopo wa mbale pang'ono, ndi kaburashi ka chingwe chachitali kamene kamadutsa m'mapaipi. Zimene zinatuluka zinali zobiriwira ndi zakuda, za fungo la chuku. Izi si nkhani ya maonekedwe chabe. Mu 2010 madokotala a ku America analemba za woliza trombone wina amene anakhala zaka zambiri akutsokomola, ndipo gwero lake linapezeka kuti ndi chuku ndi tizilombo tokhala mkati mwa chida chake. Atayamba kuchitsuka bwino chifuwacho chinachepa. Timapuma pafupi kwambiri ndi mapaipi amenewa, ndipo m'mabandi athu chida chimodzi chimadutsa pakamwa pa anthu angapo. M'mapaipi a kunja munali zoyera zouma zimene sopo sanathe kuchotsa. Zimenezi zimachokera ku malovu ndi madzi a m'zitsime za makina amene ambiri a ife timadalira mipopi ikauma. Viniga wosungunula ndi madzi, kwa kanthawi kochepa, kenako kutsukuluza kwambiri, anazifewetsa. Chomaliza chinali ndodo yopyapyala yokulunga nsalu, kupukuta paipi iliyonse ya kunja mpaka nsaluyo ituluke yoyera. Pamenepa gwirani paipi imene mukupukutayo, osati inzake, apo ayi mupinda silaidi ndi manja anu omwe.

Itauma ndinaiyesa popanda mafuta alionse. Silaidi yabwino mukaipendeketsa imatsetsereka yokha mpaka pansi. Yanga inkaima pakati pa malo a 3 ndi a 4. Poyang'ana padzuwa ndinaona kadzenje kakang'ono pa paipi ya pansi, ndipo mapaipi awiri a mkati sanali kuyenda limodzi, imodzi inali itayang'ana kumbali pang'ono.

Apa ndi pamene zida zambiri za m'makomboni mwathu zimafera. Ku Siyaso ndi ku Magaba mu Mbare kuli amisiri a zitsulo oti angakupangireni geti, ngolo, mbaula, chilichonse. Koma moto wawo ndi waukulu kwambiri pa ntchito imeneyi. Mfundo zambiri za trombone anazimata ndi mtovu wosakaniza ndi tini, umene umasungunuka moto usanafike madigiri 200, ndipo paipi yake ndi yopyapyala moti moto wowotcherera geti ungaiboole kapena kuifewetsa mpaka osadzawongokanso. Ndinafunafuna munthu wa moto waung'ono, ndipo ndinapeza mkulu wina amene anakalambira pa ntchito yomata maladiyeta a galimoto, yemwenso anakonzapo malipenga a mabandi a sukulu. Makolo ake anachokera ku Ntcheu, ndiye tinkalankhula Chichewa chathu cha kuno, cholowa Chishona apo ndi apo.

"Abambo, kodi kadzenje aka simungangokamenya ndi kahamala?" ndinawafunsa.

"Ayi mwanawe, ukamenya chopanda kanthu mkati ukulitsa bala. Tipeze kaye chitsulo chosalala cholowa ndendende."

Anasula ndodo yachitsulo pa makina mpaka inalowa m'paipiyo mothina, naipukuta kuti isakande. Ataiika pansi pa kadzenjeko anayamba kusisita pamwamba ndi chitsulo china chosalala, pang'onopang'ono, mpaka malowo anabwerera. Za kupindika kuja, anasungunula mtovu pa kamtanda kamene kamagwira mapaipi a mkati, nawasiya kuti apeze okha malo awo ali mkati mwa a kunja, ndipo anamatanso ali momwemo. Ntchitoyi imafanana ndi kuwongola gudumu la njinga: ukhudza pang'ono, uyesa, ukhudzanso, ndipo wopupuluma amathera pa gudumu lopindika kuposa poyamba. Tsiku limenelo silaidi inatsetsereka yokha kuchoka pamwamba mpaka pansi.

Za mafuta ndinene mwachidule, ngakhale ndi pamene pamakhala mikangano yambiri. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo. Oyilo wa galimoto ndi wolemera ndipo si woti muzipuma. Vaseline ndi wabwino pa silaidi yaing'ono ya kumbuyo, yochunira, koma pa yaikulu amaigwira. Akale ankagwiritsa ntchito kirimu woyera wodzola kumaso, ndipo mpaka lero amagwira ntchito ngati mafuta opangidwira silaidi, monga Trombotine kapena Slide-O-Mix, sakupezeka. Chinsinsi ndi kuchepetsa: kakirimu kochepetsetsa pa malo onenepa aja, kukafalitsa, kupukuta kotsala, kenako kupopera madzi. Silaidi imayenda pa timadontho ta madzi, ndipo ntchito ya kirimu ndi kungochititsa kuti madziwo akhale timadontho. M'kabotolo kopopera ndimaikamo madzi othira m'batire ya galimoto amene amagulitsa m'malo omwetsera mafuta, chifukwa sasiya zoyera zija. Onetsetsani kuti ndi madzi enieni, osati asidi.

Kudontha kwa mpweya n'kosavuta kuyesa. Chotsani mbali ya belu, tsekani makomo awiri a silaidi ndi zala, ndipo kokani. Ngati zonse zili bwino mumva ikukana, ikufuna kubwerera. Yanga inkangotuluka mosavuta. Kachitseko kotayira madzi kanali ndi kachitsekero kouma kong'ambika ndi sipuling'i yotopa, ndipo kusintha ziwirizi kunabweza theka la mawu. Theka linalo linkathawira pa kabowo kosaoneka bwino pokhotera pa silaidi, pakati pa kadontho kofiirira. Mkuwa wa zida zimenezi ndi wosakaniza, nthawi zambiri magawo 70 a kopa ndi 30 a zinki. Chinyezi chikakhalitsa mkati chimadya zinki n'kusiya kopa wofooka, ndipo matendawa amayambira mkati, kotero pofika poonekera kunja amakhala atapita kale patali. Sachizika. Mkulu uja anadula kachigamba ka mkuwa, nakapinda molingana ndi malowo, nakamata. Kakuoneka, ndipo sindinafune kuti akabise.

Tsopano vuto lenileni, limene linandidyera tulo. Trombone itachira matenda onsewa inayamba kulira bwino kwambiri ili yokha, koma ndi kiyibodi zinkakanabe. Ndikakoka silaidi yochunira mpaka kutsala pang'ono kugwa, mawu anali adakali pamwamba. Chifukwa chake chili m'mbiri. Masiku ano pafupifupi dziko lonse limachuna noti ya A pa 440, kutanthauza kuti mpweya umanjenjemera ka 440 pa sekondi. Muyezo umenewu anagwirizana pa msonkhano wa ku London mu 1939. Koma mabandi a malipenga a ku Britain, kuphatikizapo a Salvation Army, anapitiriza ndi muyezo wawo wakale wa pafupifupi 452 mpaka m'zaka za m'ma 1960, pamene opanga zida anasiya kupanga za mawu okwerawo. Kusiyana kwa 452 ndi 440 kumatsala pang'ono kukwana theka la mtunda wa mi ndi fa. Ndi kusiyana koipa kwambiri, chifukwa n'kwakukulu moti khutu lililonse limamva, komanso n'kochepa moti simungakuthawe pongosamukira pa kiyi ina. Nthawi ya amalume zida zonse za m'bandi yawo zinali za muyezo umodzi, ndipo panalibe kiyibodi yoti itsutse. Amalume ankanena kuti zida zambiri zimene zinkafika kuno zinali zotsala ku mabandi a kunja, ndipo n'zomveka kuti mabandiwo atasintha muyezo, zakalezo zinafuna kopita.

Masamu ake ndi osavuta. Kuti mawu atsike kuchoka pa 452 kufika pa 440, paipi iyenera kutalika ndi magawo pafupifupi 3 pa 100 alionse. Pa chida cha kutalika kumeneku ndiye masentimita 7 kapena 8, ndipo popeza silaidi yochunira ili ndi miyendo iwiri, mwendo uliwonse umafuna masentimita pafupifupi 4. Ku Britain komweko ndi mmene ankachitira ndi zida zambiri nthawi ya kusinthako. Chovuta kwa ife chinali kupeza paipi ya mkuwa ya kukula koyenera. Ya kopa ya mafiriji ndi yofewa ndipo kukula kwake sikugwirizana. Tinaipeza pa trombone ina yakufa imene belu lake linaphwanyidwa kalekale, ya bandi ya sukulu. Mkulu uja anadula zidutswa ziwiri zofanana, nazilumikiza ndi timphete, kusamala kuti mkati musakhale chopunthwitsa mpweya. Ndinamupempha kuti amate ndi mtovu wofewa womwewo, kuti wina akadzafuna kuibwezera mwakale adzangotenthetsa n'kuchotsa.

Kusintha kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo ndisabise. Chida chikatalika, malo onse 7 amatalikirananso pang'ono, pomwe silaidi yaikulu idakali ya muyezo wakale. Malo a 7 tsopano ali pamphepete penipeni, pamene malo onenepa aja ayamba kuonekera. Dzanja linafunikanso kuphunzira mwatsopano, makamaka pa malo a 5 ndi a 6. Komabe ndikaika pa sikelo, chida chimene sichingaimbe ndi anzake chimathera pa wadilopu, ndipo kumeneko chinakhalako kale mokwanira.

Nyengo ya Harare nayo imalowererapo. M'mawa wa mu Juni kapena Julayi chitsulo chikazizira mawu amatsika, ndipo masana a mu Okutobala amakwera, pomwe kiyibodi siisuntha. N'chifukwa chake sitinatalikitse mpaka pa muyezo weniweni ndi silaidi yochunira itatsekeka. Tinasiya mpata woti nditha kuilowetsa m'nyengo yozizira ndi kuitulutsa m'nyengo yotentha. Amene akufuna kuchita ntchito yomweyi ayeze chida chitatenthedwa kale ndi mpweya wake, osati chongotuluka m'chikwama.

Mouthpiece ya amalume, kachitsulo koikapo milomo pouzira, inali yaing'ono, ndipo siliva wa pamlomo pake anali atatha mpaka mkuwa kuonekera. Mkuwa wosakutidwa umayabwitsa milomo ya anthu ena, ndipo si chinthu choti chizikhala pakamwa maola ambiri. Ndinapeza Bach 12C yogwiritsidwapo kale ntchito, imene ophunzira ambiri amayambira, koma mchira wake unali wonenepa pang'ono kuposa khomo la chida chakalechi, moti inkangolowa nsonga n'kumagwedera. Pali njira ziwiri: kukulitsa khomo la trombone, kapena kusula mchira wa mouthpiece. Ndinasankha yachiwiri mosazengereza. Mouthpiece ikaonongeka ina ipezeka, koma khomo la chida mukalidya silibwerera. Atasula pang'ono inalowa bwino, ndipo manoti a pamwamba amene ankaterereka anayamba kukhazikika. Ndiyikepo chenjezo limodzi pano, chifukwa ndaona zida zingapo zitapotoka khosi: mouthpiece ikakanirira musaigwire ndi pulayala. Pali kachida kokokera, ndipo wokonza aliyense wodziwa ntchito ali nako kapena angathe kukapanga.

Chinthu china chaching'ono chimene chinasintha zambiri ndi cholemetsa cha kumbuyo. Zida zambiri zakale zinalibe, ndiye kulemera konse kumagwera kutsogolo, dzanja lamanzere limatopa, ndipo mosazindikira munthu amayamba kunyamulira chida pa dzanja lamanja limene liyenera kukhala lomasuka. Tinamangirira kachitsulo kozungulira pa mtanda wa kumbuyo ndi tizomangira tiwiri, osamata. Pa ulendo wautali woperekeza maliro, phewa ndi chala chachikulu zimayamikira.

Zimene ndinakana n'zitatu, ndipo pa izi anyamata a m'bandi sanandimvetse mpaka lero. Wina anati tiikepo valavu ya chala chachikulu, imene imatsitsa chida kupita ku F ndi kuchotsa vuto la malo a 6 ndi a 7. Nzeru imeneyi ndi yakale, anaiyambitsa Christian Friedrich Sattler ku Leipzig mu 1839, ndipo pa trombone yaikulu ndi yothandiza zedi. Koma kuiika pa yanga kukanafuna kudula khosi lake, kuonjezera paipi pafupifupi mita yathunthu ndi kulemera kumene thupi lake laling'ono silinapangidwire. Wina anati tisinthe belu, tiike lalikulu kuti izimveka ngati za masiku ano. Za masiku anozo, monga Conn 88H imene inatuluka mu 1954, zili ndi paipi ya mamilimita 13.9 mkati ndi belu la masentimita oposa 21. Yanga paipi yake imangopitirira pang'ono mamilimita 12, ndipo belu ndi laling'ono ndithu. Belu lalikulu pa paipi yopapatiza silibala Conn. Limabala chida chachitatu chimene manoti ake sagwirizana okhaokha.

Chachitatu chinali kuipukuta kuti iwale. Siliva amene anakutira chida ndi wopyapyala kwambiri, ndipo mankhwala opukutira mkuwa amagwira ntchito pomudya. Pamene dzanja la amalume linkagwira, siliva anatha kale. Kuda kwa siliva kumabwera ndi sulufule wa mumpweya, ndipo kumachoka popanda kukhula: beseni loyalamo pepala la aluminiyamu, madzi otentha, soda wophikira, chitsulo chikhudze pepalalo. Ndinachita zimenezo pa mbali ya belu yokha, kamodzi, ndipo kuchokera pamenepo ndimangopukuta ndi nsalu yofewa ndikamaliza kuimba. Kuwala sikuonjezera kanthu pa mawu.

Chimene ndimatetezera pokana zonsezi ndi liwu lake. Trombone yopapatiza imalankhula msanga, ndi mpweya wochepa, ndipo liwu lake ndi lowala, lolunjika. Mukaikakamiza imang'ambika, izi n'zoona, ndipo m'holo yaikulu pakati pa zida zatsopano ingamveke yopyapyala. Koma ntchito yathu yambiri si ya m'holo. Timaimba pa maukwati, pa misonkhano ya mabungwe othandizana pa maliro amene makolo athu ochokera ku Malawi anayambitsa, ndiponso ku manda, ku Warren Hills kapena ku Granville. Kumeneko anthu amaimba sumu m'Chichewa, ngakhale adzukulu amene tsiku ndi tsiku amalankhula Chishona, ndipo udindo wa trombone ndi kugwira mzere wa tenala kuti abambo aupeze. Chida chachikulu chimaphimba mawu a anthu. Changachi chimalowa pakati pawo, ndipo abambo okalamba amene mawu ayamba kunjenjemera amatsamirapo. Anachipangira ntchito yotereyi, kutsogolera nyimbo za mpingo panja, ndipo pa ntchito imeneyi sindinamvepo chatsopano chochiposa.

Kusamala kwa tsiku ndi tsiku n'kochepa koma sikudumphika. Ndimatsuka mkamwa ndisanalize, makamaka pa maukwati pamene pali zakumwa za shuga. Ndikamaliza ndimataya madzi onse, ndi kupukuta mapaipi a mkati. M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kirimu wakale ndimamuchotsa sabata iliyonse, chifukwa akasakanikirana ndi fumbi amasanduka chokhulira chimene chimadya malo onenepa aja, ndipo amenewo akatha palibe pano amene angawabwezeretse. Silaidi yochunira ndimaisuntha kawirikawiri kuti isagwirane. Sindiimika chida pa nsonga ya silaidi, sindichisiya pa mpando, ndipo ana ofuna kuyesa ndimawagwirira ndekha. Mu kombi chikwama chake chimakhala pamiyendo panga chiimirire, ngakhale kondakitala atanena kuti kumbuyo kuli malo, chifukwa thumba limodzi la mbatata likatsamira pamenepo ntchito yonse ya mkulu uja yatha.

Chotsala ndi malo a 7 aja. Pa nyimbo zathu safunika kawirikawiri, ndipo noti imodzi yokha ya pakati ndi ina ya pansi kwambiri ndizo zilibe kwina kozipezera. Zikapezeka m'nyimbo yofulumira ndimagawana ndi mnzanga wa euphonium, lipenga la mavalavu, iye amatenga notiyo ine n'kulowanso pa yotsatira. M'nyimbo yodekha ndimafikako ndekha, zala zitatambasuka, ndipo ndamangirira kachingwe kochokera pa mtanda wa silaidi kufika pa chala kuti isapulumuke. Mkulu uja akuti ngati tingapeze silaidi ina yakufa ya kukula komweku, angathe kutalikitsa mapaipi a mkati ndi masentimita awiri, ndipo ndauza kale anzathu a mabandi a ku Highfield ndi ku Mabvuku kuti asataye chilichonse asanandionetse.